Cham'mimba Chosapiririka: Kabuku ka Mabanja a ku Nkhata Bay pa za Endometriosis ndi Mankhwala Olera

Amene tikuwalembera

Munthu wozolowera msika wa Nkhata Bay, kuyambira mbandakucha pamene mabwato a usipa akukocheza kufikira madzulo pamene maminibasi otsiriza a ku Mzuzu ndi ku Chintheche akuitanira anthu, adziwa kuti msikawu uli pa mitu ndi pa misana ya amayi, pakuti ndiwo asenza mabeseni a nsomba kuchokera kugombe, ndiwo aviika chinangwa, kuchiyanika ndi kuchisinja kuti pakhale ufa wa kondowole, ndiwonso akhala tsiku lathunthu pabenchi kugulitsa nthochi, matimati ndi batala wowamba. Ndipo tsiku limene sitima ya Ilala yaima padoko, ntchito yonseyi iwirikiza. Koma pakati pa amayi amenewa alipo ena amene mwezi ndi mwezi benchi lawo likhala lovundikira masiku awiri kapena atatu, ndipo oyandikana nawo akafunsidwa angoyankha motsitsa mawu kuti, “Ali kumwezi, chawagwira cham'mimba,” monga ngati ndi kanthu kosayenera kukatchula kawiri. Kabuku kano talembera iwowo, pamodzi ndi amuna awo, anakubala awo, apongozi ndi azakhali, popeza m'mabanja mwathu mkazi sakonda kupita yekha kuchipatala osayamba wamva mawu a akuluakulu ake.

Chimene tifuna kunena n'chimodzi. Ululu wa msambo umene ugonetsa munthu pamphasa, numuletsa malonda, kumunda kapena kusukulu, ndi nthenda ndithu, ndipo suli cholowa chimene mkazi aliyense ayenera kuchisenza chifukwa chobadwa mkazi. Ndiponso mankhwala ena amene athandiza kwambiri pa nthendayi ndi omwe aja tiwatcha olera, amene apezeka kwaulere m'zipatala za boma za m'boma lathu lino. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma nanga ngati a m'nyumba achigwira chitsekocho ndi mawu akuti “pirira, tonse tidadzera momwemo,” wodwalayo adzatulukira pati?

Cham'mimba chozolowereka ndi cham'mimba cha nthenda

Atsikana ndi amayi ambiri amva kupotokola pachinena tsiku loyamba kapena lachiwiri la msambo, ndipo akamwa panado kapena bufeni, nakhala pang'ono, adzuka n'kupitiriza ntchito. Chimenechi sichidetsa nkhawa. Koma pali cham'mimba china chimene chiyamba msambo usanafike, nichipitirira ngakhale magazi ataleka, chimene chitsikira kumsana ndi m'ntchafu, chisanzitsa munthu kapena kumukomola, ndipo chaka ndi chaka chinka chikulirakulira. Mayi wotere kawirikawiri amva kuwawa kwa m'katikati pokhala malo amodzi ndi mwamuna wake, amva ngati achekedwa ndi mpeni pochita chimbudzi kapena potaya madzi m'masiku a msambo, mimba itupa, thupi lilefuka, ndipo ena akhala zaka pabanja osaima. Zizindikiro izi zikakumana pa munthu mmodzi, madokotala ayamba kuganizira nthenda yotchedwa endometriosis.

Kuti timvetse nthendayi tiyenera kudziwa chimene chichitika m'chiberekero. Mwezi uliwonse m'kati mwake mumera kamnofu kofewa kodzala magazi, kokonzekera kulandira mimba. Mimba ikapanda kubwera kamnofuko kasweka n'kutuluka, ndiwo msambo. Chikulitsa kamnofuko ndi mchere wina wa m'thupi, mmodzi wa amene a chipatala awatcha mahomoni, dzina lake estrogen, wopangidwa m'nkhokwe za mazira. Tsono mwa mayi wa endometriosis, timinofu tofanana nako timera kunja kwa chiberekero: pa nkhokwe za mazira, pa machubu odzera mazira, kuseri kwa chiberekero, pa matumbo, ngakhale pa chikhodzodzo. Tili ngati mapira amene adagwera kunja kwa munda, amene angakhale sadabzalidwe ndi munthu, mvula ikagwa aphuka pamodzi ndi anzawo a m'munda. Chomwecho timinofuti, tikamva estrogen, titupa ndi kukha magazi pa nthawi ya msambo, koma popeza tilibe khomo lotulukira, magaziwo akwiyitsa m'mimba, nasiya zipsera zimene zimata ziwalo pamodzi. Pa nkhokwe ya mazira patha kupangika chotupa chodzala magazi akale akuda, chimene chioneka pa sikani.

Nthendayi si yachilendo. Dokotala wa ku Vienna, Karl von Rokitansky, adalemba za iyo mu 1860, ndipo mu 1927 John Sampson wa ku Albany m'dziko la America adafotokoza ganizo lakuti magazi ena a msambo abwerera m'mbuyo kudzera m'machubu n'kugwera m'mimba, natenga timinofuto. Kubwerera kumeneku kuchitika mwa akazi ambiri, koma odwala nako ndi ena okha, ndipo chibadwa cha kumtundu chili nayo mbali, kotero kuti mtsikana amene mayi wake kapena mkulu wake adavutika chotero ayenera kumvedwa msanga akayamba kudandaula. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO liwerengera kuti mkazi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka ali nayo, ndiwo akazi pafupifupi 190 miliyoni. Kwa zaka zambiri mabuku a udokotala adaphunzitsa molakwa kuti ndi nthenda ya azungu olemera ochedwa kubereka, ndipo chifukwa cha chiphunzitso chimenecho amayi achikuda osawerengeka adamwetsedwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, nasenzetsedwa manyazi a chinthu chimene sadachite; koma kafukufuku wa ku Ibadan ku Nigeria, wofalitsidwa mu 2015, adapeza kuti mwa amayi 239 amene adaunikidwa m'mimba ndi kachipangizo ka kamera chifukwa cha mavuto a uchembere, pafupifupi theka adali ndi endometriosis. Chotero tinene poyera: si matsenga, si kulodzedwa ndi mkazi mnzako wa pabenchi, si chilango cha chiwerewere, siipatsirana, ndipo siibwera chifukwa cha kulera.

Ife a m'mbali mwa nyanja tiyambe taona izi

Si ululu wonse wa pachinena umene uli endometriosis, ndipo kabuku kano sikangalowe m'malo mwa kupimidwa. Ife okhala m'mphepete mwa nyanja, amene tichapa, kutsuka mbale ndi kusamba m'madzi osaya mmene mukhala nkhono, tili ndi mdani wathuwathu, ndiye likodzo. Ambiri alidziwa pa kukodza magazi kwa anyamata, osadziwa kuti mwa mkazi mazira a tizilombo take akhazikikanso kumaliseche, pa khomo la chiberekero ndi m'machubu, nabweretsa kuwawa pachinena, kuwawa pogonana, kudontha magazi ndi kuvuta kwa mimba, zizindikiro zofanana kwambiri ndi zimene tafotokoza. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amwetsa ana kusukulu. Palinso matenda opatsirana pogonana amene akwera m'chiberekero, zotupa za m'chiberekero zimene zichulukitsa magazi a msambo, ndi khansa ya khomo la chiberekero imene yatha amayi ambiri m'dziko muno, ndipo kupimitsa kwake n'kwaulere. Namwino wanzeru ayamba wapatula izi. Koma mayi amene wamwa mankhwala a matenda opatsirana kawiri katatu osasintha, ululu wake nubwerabe motsata mwezi, ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira mwaulemu kuti, “Kodi adokotala, singakhale endometriosis?”

Chifukwa chake mankhwala olera athandiza

Boma la Malawi lidavomereza kulera mu 1982 pansi pa dzina la kutalikitsa nthawi pakati pa ana, ndipo kuyambira pamenepo tazolowera kuganiza kuti mapiritsi ndi jakisoni ntchito yake ndi imodzi yokha, yoletsa mimba. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi apabanja 58 mwa 100 alionse adali kugwiritsa ntchito njira zamakono zolera, ndipo 30 mwa 100 adali pa jakisoni. Mankhwala amene afala chotero, amene mlangizi wa zaumoyo afika nawo mpaka kumudzi, ndi omwewonso madokotala a maiko onse ayamba nawo pochepetsa ululu wa endometriosis, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchimva. M'mankhwalawa muli homoni yotchedwa progestin, imene igonetsa nkhokwe za mazira kuti zisatulutse dzira ndi kuti estrogen asamakwere ndi kutsika monga mwa mwezi, niipyapyalitsa kamnofu ka m'chiberekero pamodzi ndi timinofu tonse tomera kolakwika; timinofuto tikapanda kutupa ndi kukha magazi, ululu uchepa, ndipo mwa amayi ambiri uchepa kwambiri.

Kale kunkanenedwa kuti nthendayi singatsimikizike kufikira munthu atachitidwa opaleshoni yaing'ono younika m'mimba, ndipo lamulo limenelo, pamodzi ndi chizolowezi chopeputsa ululu wa akazi, lidachititsa kuti ngakhale ku Ulaya mayi azikhala zaka 7 kapena kuposerapo nthenda yake isanadziwike. Koma mu 2022 bungwe la madokotala a uchembere la ku Ulaya lotchedwa ESHRE lidalangiza kuti dokotala akhoza kuyamba mankhwala a mahomoni potengera zizindikiro ndi kupima kwa masiku onse, osadikira opaleshoni. Uwu ndi uthenga wabwino kwa mayi wa ku Usisya, Mzenga kapena Kande, amene sangafike msanga kwa katswiri. Tinenenso zoona zonse: mankhwalawa sachiritsa nthendayi kotheratu, angoigonetsa, ndipo munthu akawasiya ululu ukhoza kubwerera, koma kawirikawiri uleka wokha mayi akasiya kusamba chifukwa cha ukulu.

Mapiritsi

Mapiritsi olera ofala m'zipatala mwathu, monga Microgynon, ali ndi mahomoni awiri, progestin ndi estrogen wochepa kwambiri. M'paketi muli mapiritsi 28, ndipo 21 ndiwo a mankhwala, pamene 7 abulawuni otsiriza ndi owonjezera magazi chabe. Pomwa abulawuniwo m'pamene mayi asamba. Kumwa motere kuchepetsa kale ululu ndi magazi. Koma kwa mayi wa endometriosis adokotala atha kulangiza njira ina, yakuti atatha 21 aja adumphe abulawuni, nayambe paketi yatsopano tsiku lotsatira lomwelo, kuti akhale miyezi itatu kapena kuposerapo osasamba. Pakuti ngati ululu udza ndi msambo, kuchepetsa misambo ndiko kuchepetsa masiku a ululu. M'miyezi yoyamba padontha timagazi mosayembekezeka, ndipo tikapitirira masiku angapo namwino akhoza kulangiza kupuma masiku 4 n'kuyambiranso. Musayambe njira imeneyi panokha chifukwa mwaiwerenga pano. Kambiranani ndi namwino, amenenso ayenera kudziwa kuti mapaketi anu azitha msanga kuposa a anzanu.

Ubwino wa mapiritsi ndi wakuti mayi akafuna mwana angowasiya, ndipo mphamvu yobereka ibwerera posachedwa. Kuvuta kwake n'kwakuti afuna kumwedwa tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi, ndipo mayi wa geni amene agona m'njira pokagula nsomba ku Likoma kapena ku Chizumulu ayenera kuyenda nawo m'kachikwama kake. Ndiponso alipo amayi amene sayenera kumwa mapiritsi okhala ndi estrogen konse: wa BP yokwera, wosuta fodya wa zaka 35 kapena kuposerapo, amene mutu wake waching'alang'ala uyamba ndi kuthwanima kapena mdima m'maso, amene adagwidwapo sitiroko kapena kuundana kwa magazi m'mwendo, wa khansa ya m'mawere, wa nthenda ya chiwindi, ndi woyamwitsa khanda losakwana miyezi 6. N'chifukwa chake sitilola kuti munthu agawireko mnzake mapiritsi pamsika monga agawirana mchere. Ayambe wapimidwa BP.

Jakisoni

Jakisoni wa Depo-Provera, amene tonse timutcha Depo, ali ndi progestin yokha ndipo abayidwa pa masabata 13 alionse. Pa endometriosis agwira ntchito bwino, popeza pakutha chaka pafupifupi theka la amayi obayitsa aleka kusamba. Mng'ono wake ndi Sayana Press, mankhwala omwewo koma ochepa muyeso, mamiligalamu 104 m'malo mwa 150, obaya pansi pa khungu la pamimba kapena pantchafu ndi kasingano kakang'ono; muyeso umenewu udavomerezedwa ku America mu 2005 kukhala mankhwala a ululu wa endometriosis, kotero kuti mayi wobayitsa chifukwa cha cham'mimba sakupotoza ntchito ya mankhwalawo ayi. Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa jakisoni ameneyu, pakuti kafukufuku wochitika ku Mangochi, wofalitsidwa mu 2018, adaonetsa kuti mwa amayi ophunzitsidwa kudzibaya okha kunyumba, 73 mwa 100 adali akupitirizabe patatha chaka, poyerekeza ndi 45 mwa 100 a amene ankapita kukabayidwa ndi a zaumoyo. Kwa mayi wokhala kumene msewu uvuta nyengo ya dzinja, kapena kumene ulendo wa kuchipatala ndi wa pabwato, kudzibaya yekha n'chithandizo chachikulu.

Komabe walira mvula walira matope. Depo asokoneza msambo m'miyezi yoyamba, ena anenepa, ena amva mutu kapena kusakondwa mumtima. Akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri apepula mafupa pang'ono, ngakhale kuti mwa ambiri mafupawo alimbanso akasiya, ndipo kwa mtsikana amene akukula namwino ayenera kulingalira zimenezi. Mwayi wathu ndi wakuti usipa wodyedwa ndi minga yomwe ulimbitsa mafupa. Chachikulu koposa n'chakuti munthu akasiya Depo mimba ichedwa kubwera, kawirikawiri miyezi ngati 10 kuchokera pa jakisoni wotsiriza, ndipo ena kupitirira chaka. Uku n'kuchedwa chabe, si kuuma. Koma mayi woganiza zokhala ndi mwana chaka chamawa achita bwino kusankha njira ina.

Za pamkono ndi lupu

Timachubu toika pansi pa khungu la mkono, timene ambiri akali kutitcha nopulanti, tili ndi progestin yokhanso: Implanon ndi kamodzi ka zaka 3, Jadelle ndi tiwiri ta zaka 5. Tichepetsa ululu mwa amayi ambiri, koma msambo wake sulosereka, ndipo kudonthadontha ndiko kuchotsetsa ena.

Pa lupu m'pofunika kusamala, chifukwa alipo a mitundu iwiri. Lupu wozolowereka wa kopa alibe mahomoni. Ndi njira yabwino yolera, koma achulukitsa magazi a msambo ndi kuwonjezera cham'mimba, chotero kwa mayi wa endometriosis si bwenzi. Winayo ndi lupu wa mahomoni, monga Mirena, amene atulutsa progestin pang'onopang'ono m'chiberekero momwemo kwa zaka 5 kapena kuposerapo, ndipo ndi mmodzi wa mankhwala abwino koposa pa nthendayi. Sapezeka m'chipatala chilichonse. Funsani ku chipatala chachikulu cha boma ku Mkondezi, ku Mzuzu Central, kapena ku Banja La Mtsogolo ku Mzuzu, ndipo nenani momveka kuti mufuna wa mahomoni. Kutseka, kumene kuli kumanga machubu, kuletsa mimba koma sikukhudza ululu.

Amene mukumwa mankhwala a TB, a khunyu kapena ma ARV, nenani poyamba pomwe. Rifampicin wa TB, carbamazepine ndi phenobarbitone a khunyu, ndiponso efavirenz wa m'ma ARV akale, afooketsa mapiritsi ndi za pamkono. Depo ndi lupu safooka nawo. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri adasinthidwira kuyambira 2019, sasokoneza kulera. Ndipo mwa njira zonsezi palibe yoteteza ku HIV ndi matenda opatsirana. Imeneyo ndi ntchito ya kondomu.

Mawu kwa a m'nyumba

Apa m'pamene mtima wathu ulemera, chifukwa tidziwa kuti chiletsa amayi ambiri si mtunda wa kuchipatala koma mawu a pakhonde. Anena kuti mkazi wosasamba magazi ake aunjikana m'mimba n'kusanduka chotupa. Sizili chotero: magazi a msambo si madzi oipa osungidwa penapake odikira kutayidwa, koma ndi kamnofu kaja kakasweka, ndipo ngati kamnofuko sikadakule, palibe choti chituluke ndipo palibe chotsalira. Mayi woyamwitsa akhala miyezi yambiri osasamba, ndipo palibe amuyesa wodwala.

Anenanso kuti wolera asanabereke adzauma. Inu amayi ndi azakhali, mverani bwino pano, pakuti mawu amenewa atembenuza choona chagada. Endometriosis yeniyeniyo ndiyo ivutitsa kutenga mimba, mwa amayi 30 mpaka 50 pa 100 alionse odwala nthendayi, chifukwa cha zipsera ndi kutupa kwa m'mimba. Tsono mtsikana amene adamwa mapiritsi chifukwa cha ululu akadzachedwa kuima, anthu aloza mapiritsi, chikhalirecho wolakwa ndi nthenda imene idalipo mapiritsi asanabwere. Mankhwala olera saumitsa munthu. Ndipo musamuumirize mtsikana kukwatiwa kapena kutenga mimba poganiza kuti akabereka cham'mimba chidzatha. Mimba ipumitsa ululu kwa kanthawi, koma mwa ambiri ubweranso msambo ukayambiranso, ndipo mwana wa sukulu akhala atataya maphunziro pachabe.

Za mtsikana wosakwatiwa, tidziwa mantha a kholo, akuti kumulola kumwa mapiritsi ndiko kumutsegulira njira ya chiwerewere. Koma taganizani za mwana wa Fomu 4 amene mwezi uliwonse ajomba masiku atatu, amene tsiku la mayeso a MSCE likagwera pa msambo alemba akunjenjemera ndi thukuta. Kodi tidzamumana mankhwala chifukwa cha dzina la chipinda chimene aperekeramo? Khalidwe la mwana liumbidwa ndi malangizo a kwawo, ndipo mayi amene aperekeza yekha mwana wake kwa namwino, nakhala naye pabenchi la chipatala, atseka pakamwa pa amiseche kuposa amene amusiya apite mozemba. Kwa a mpingo wa Katolika amene chikumbumtima chiwavuta, dziwani kuti kalata ya Papa Paul VI ya 1968, Humanae Vitae, imene iletsa kulera kwa mankhwala, ilola mankhwala ofunika pochiza nthenda ya thupi angakhale alepheretse mimba, malinga cholinga chili kuchiza. Kambiranani ndi abambo mfumu. Ndipo ife tonse owerenga Malembo tikumbukire mayi uja wa pa Marko 5, amene adavutika ndi nthenda ya magazi zaka 12 nawononga chuma chake chonse pofuna machiritso. Sadadzudzulidwe chifukwa chotulukira poyera ndi nthenda imene anthu ankaiyesa yamanyazi, koma adalandiridwa ngati mwana.

Inu abambo, mkazi wanu akakana kukhala nanu malo amodzi chifukwa cha kuwawa, si mwano ndipo si chizindikiro chakuti ali ndi wina. Ululu umenewo ndi weniweni, wa m'kati mwenimweni, ndipo ambiri aupirira mwakachetechete poopa kutha kwa banja. Mufunseni masiku amene apeza bwino, mutengereni madzi ndi nkhuni masiku ovutawo, ndipo pitani naye kuchipatala kuti mumve nokha zimene namwino anena.

Wofuna mwana tsopano

Mayi amene afuna mimba pakali pano asayambe mankhwala a mahomoni, popeza aletsa mimba nthawi yonse imene akumwedwa, ndipo sawonjezera mwayi woima akasiyidwa. Ambiri a endometriosis abereka popanda chithandizo china. Koma banja likatha chaka osaona kanthu, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, lipemphe kutumizidwa kwa dokotala wa amayi, ndipo apite onse awiri, chifukwa vuto la kusabereka lipezekanso kawirikawiri mwa mwamuna.

Mankhwala opha ululu

Bufeni, amene dzina lake lenileni ndi ibuprofen, agwira bwino akamwedwa msanga, tsiku loti msambo uyamba mawa kapena pongomva chizindikiro choyamba, osadikira kuti ululu ufike pachimake. Muyeso wa munthu wamkulu ndi mamiligalamu 400 katatu patsiku, atadya, kwa masiku ochepa okha. Atha kumwedwa pamodzi ndi panado ndiponso pamodzi ndi mankhwala olera. Koma musaphatikize bufeni ndi indosidi kapena diclofenac, pakuti onsewa ndi a banja limodzi ndipo pamodzi aboola chifu ndi kuwononga impso. Wa zilonda za m'mimba, wa nthenda ya impso ndi woyembekezera awapewe, ndipo wa mphumu ayambe wafunsa. Mapiritsi ogulitsidwa pambalambanda padzuwa, opanda paketi yake, asiyeni. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje n'kuliika pachinena lithandiza ndithu, ndipo lilibe mtengo.

Popita kuchipatala

Safunsa adadya phula, komanso wofunsa ayenera kukonzeka, chifukwa namwino ali ndi mzere wautali ndi nthawi yochepa. Kwa miyezi iwiri kapena itatu lembani kuseri kwa kope, kapena mwana akulembereni, tsiku limene msambo wayamba ndi kutha, masiku amene ululu wakulepheretsani ntchito, mankhwala amene mwamwa, ndi ngati mumva kuwawa pogonana, pochita chimbudzi kapena potaya madzi. Tengani kopelo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo musangoti “m'mimba mukundiwawa,” koma nenani kuti, “Mwezi uliwonse ndimagona masiku atatu osagwira ntchito, ndipo bufeni sakundithandiza.” Sikani ikaonetsa kuti zonse zili bwino musataye mtima ndi kudziyesa wonama, popeza timinofu tating'ono ta nthendayi nthawi zambiri sitioneka pa sikani.

Zilipo zizindikiro zosadikira kucha: ululu woopsa wadzidzidzi mbali imodzi ya mimba, makamaka ngati msambo wadumpha, chifukwa ikhoza kukhala mimba yokhala m'chubu, kukomoka, kutentha thupi pamodzi ndi chikazi chonunkha, magazi ochuluka onyowetsa nsalu pa ola lililonse, ndipo kwa womwa mapiritsi, kutupa ndi kuwawa kwa mwendo umodzi, kuwawa pachifuwa, kubanika, kapena mutu woopsa wosokoneza maso ndi malankhulidwe. Izi zikaoneka pezani galimoto, njinga yamoto kapena bwato nthawi yomweyo.

Mukayamba mankhwala, kumbukirani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: thupi lifuna miyezi itatu kuti lizolowere, ndipo kudontha kwa poyamba si chifukwa chosiyira. Bwererani kwa namwino pakutha miyezi itatuyo ndi kope lanu lija. Njira imodzi ikakanika yesani ina, pakuti mayi amene mapiritsi adamukana atha kupeza mpumulo pa jakisoni kapena pa lupu wa mahomoni. Koma pakatha miyezi 6 ululu uli chimodzimodzi, kapena sikani ikaonetsa chotupa pa nkhokwe ya mazira, pemphani kalata yopita kwa dokotala wa amayi ku Mzuzu Central, kumene akhoza kukulemberani mankhwala ena monga norethisterone kapena dienogest, kapena kukambirana nanu za opaleshoni yochotsa chotupa ndi timinofuto. Wina akakuuzani za kuchotsa chiberekero, funsani mofatsa musanavomere, chifukwa timinofu ta nthendayi tili kunja kwa chiberekero ndipo tikatsala ululu ukhoza kupitirira. Ndipo mukachitidwa opaleshoni iliyonse, funsani ngati muyenera kupitiriza mankhwala a mahomoni pambuyo pake, popeza ndiwo achepetsa mpata wakuti nthendayo imerenso.